Babu la LED silifa lonse

Mayi wina anafika pabenchi yanga ku Limbe atanyamula jumbo ya mababu a LED asanu ndi limodzi. "Achimwene, onsewa apsa. Kaya muli kanthu koti n'kutolamo?" Pofika madzulo, anayi ndinali nditawakonza.

Mawu oti "lapsa" tinazolowera pa mababu akale aja, okhala ndi kawaya kamene kakaduka basi, kwatha. Mu LED mulibe kawaya kotero. Mukachotsa chivundikiro choyera chija mupeza timadontho tachikasu titamatidwa pa kambale ka aluminiyamu. Kadontho kalikonse kamafuna mavolti pafupifupi 3, ndipo m'mababu ambiri timadonthoti timalumikizidwa mzere umodzi, ngati anthu opatsirana njerwa pomanga nyumba. Mmodzi akachokapo, njerwa sizifika kwa mmisiri. Kamodzi kakafa, babu lonse mdima.

Kakufako sikabisala. Nthawi zambiri kamakhala ndi kachipsera kakuda pakati, ngati chitosi cha ntchentche. Ndikakayika, ndimaika mita yanga pa diode n'kumagunda kamodzikamodzi: kamoyo kamayaka mozilala, kakufa kamangoti zii. Anzanga ena amangowotcherera waya podumpha kakufako. Inenso ndimachita, sindinama, koma mwini babu ndimamuuziratu kuti anzake a kadonthoko nawonso atopa, asadabwe likathimanso.

Kunsi kwa kambaleko kuli kabolodi kamene timati draiva. Ntchito yake ndi kutenga mavolti 230 a m'nyumba n'kuwachepetsa kuti timadontho tija tisapse. Babu likayamba kuphethira ngati munthu amene kachitsotso kamugwera m'diso, ndimayamba ndaona kapasita, kaja kooneka ngati kambiya. Ikatopa imatupa pamwamba, ina mpaka kutuluka timadzi. Kuisintha ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma apa pokha mverani: kapasita imatha kusunga mavolti oposa 300 ngakhale babu mwalizula kale. Ndili wophunzira ndinaigwira ndi chala, nyesi yake ndinaimvera m'chigongono. Tsiku limenelo nsima ndinadya ndi dzanja lamanzere.

Chimapha zonsezi n'chiyani? Ambiri amaloza magetsi obwera mwamphamvu akathima, ndipo nthawi zina n'zoona. Koma mdani amene ndimakumana naye tsiku ndi tsiku ndi kutentha. LED sitentha ngati babu lakale, komabe imatentha, ndipo mukaitsekera m'chigalasi chopanda mpweya, pansi pa malata, mwezi wa Okutobala, kapasita imauma msanga.

Mababu awiri otsala a mayi aja analibe vuto lililonse. Ngakhale anati apsa, dandaulo lawo lenileni linali loti usiku amawala pang'ono ngakhale atathimitsa. Pabenchi panga anali bwinobwino. Ndinawauza kuti aitane wodziwa zamagetsi akaone swichi yakuchipinda, chifukwa kawirikawiri zikatero ndiye kuti amene anaika mawaya anaika swichi pa waya wa neutral m'malo mwa wa live. Patapita masiku atatu anandiimbira kuti zinalidi choncho, ndipo kubafa nako anapeza zomwezo.