Kodi powonjezera babu m'nyumba pafunika earth leakage?

Ndine mmisiri wa magetsi, ndipo ntchito zanga zambiri ndimagwira m'nyumba za ku Greenside mumzinda wa Mutare. Anyamata ndi atsikana a ku Tongogara amene akuphunzira ntchitoyi amandifunsa funso limodzi mobwerezabwereza. Mwininyumba akafuna babu lina pakhonde, kodi tingolumikiza waya n'kulandira ndalama zathu, kapena tiyambe taika kachipangizo koteteza munthu kugwidwa ndi magetsi? Yankho limadalira kukula kwa ntchitoyo.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zimakhala m'bokosi la magetsi. Mabreka aja olembedwa 5, 6 kapena 10 ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asapse. Amazima mphamvu yodutsa ikapitirira maampu olembedwawo. Koma munthu amafa ndi mphamvu yochepa kwambiri. Ampu imodzi ili ndi mamiliampu 1,000, ndipo mamiliampu 50 okha akadutsa pachifuwa amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Choncho munthu akhoza kukakamira pawaya mpaka kumwalira, breka ili chete.

Chimene chimateteza munthu ndi earth leakage, ena amati RCD. Kachipangizoka kamayerekeza mphamvu yotuluka pa waya wamoto ndi yobwerera pa waya wa neutral. Zikasiyana ndi mamiliampu 30, ndiye kuti ina ikuthawira pansi, mwina kudzera m'thupi la munthu, ndipo kamadula magetsi sekondi isanakwane. Mukazindikira msanga chifukwa kali ndi batani lolembedwa T kapena Test. Kachipangizoka kanayambira kufupi ndi kwathu kuno. Henri Rubin anakakonza ku South Africa m'zaka za m'ma 1950 pofuna kuteteza ogwira ntchito m'migodi, ndipo mayi wina atafa ndi magetsi m'nyumba pamgodi wa golide wa Stilfontein, tizipangizoti tinaikidwa m'nyumba za pamgodipo mu 1957 ndi 1958.

Kwa zaka zambiri amisiri ankakaika pa masoketi pokha. Ankati babu lili kudenga, ndani angaligwire? N'chifukwa chake m'nyumba zambiri zakale mzere wa mababu umadutsa pambali. Ku South Africa mpaka pano lamulo lawo la SANS 10142-1 limalimbikira pa masoketi. Ku Britain, kumene tinatengera pulagi yathu ya mano atatu, anasintha maganizo. Mu 2008 buku lawo la BS 7671 linalamula chitetezochi pa mawaya a m'bafa ndi pa mawaya okwiriridwa m'khoma osafika mamilimita 50 kuya kwake. Buku la 2018, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, linawonjezera kuti mzere uliwonse wa mababu m'nyumba yogona anthu ukhale ndi chitetezo cha mamiliampu 30.

Lamulo lotere silibwerera m'mbuyo. Palibe amene amakakamiza mwininyumba kuzula mawaya akale chifukwa choti buku lasintha. Mukasintha babu lopsa, kapena swichi yosweka n'kuikapo ina yofanana nayo pamalo omwewo, mwangokonza. Koma mukakoka waya watsopano kupita pakhonde, kubafa kapena kukhola la nkhuku, mwapanga ntchito yatsopano, ndipo imeneyo imayezedwa ndi muyeso wa lero. Kuno ku Zimbabwe a ZETDC ndiwo amayendera mawaya nyumba isanalumikizidwe, ndipo pantchito yaikulu ndi bwino kuwafunsa musanayambe. Ine pantchito zanga sindiwonjezera waya wa mababu popanda earth leakage, maka panja ndi pamalo a chinyezi. Munthu amasintha babu ali pamakwerero achitsulo, kapena ataponda simenti yonyowa wopanda nsapato. Magetsi ofika pa babulo ndi mavoti 230, chimodzimodzi ndi a pa soketi.

Eni nyumba ena amakana. Amati zaka zonsezi sanagwidwepo, nanga lero ndalama ina ya chiyani? Ena amaopa kuti kachipangizoka kazingozimitsa magetsi usiku, ndipo mantha amenewo ali ndi pake. M'nyumba zakale kamazimadi kangoikidwa kumene. Nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti mmisiri wakale anabwereka neutral ku mzere wina, makamaka pa babu loyatsidwa ndi maswichi awiri. Nthawi zina madzi alowa m'nyale yapanja, kapena makoswe adya chikutiro cha waya kudenga. Kachipangizoka kangoulula vuto limene linalipo kale. Choipitsitsa chimene ndimapeza n'chakuti wina anatopa nako n'kukalambalala ndi kawaya. Bokosi limaoneka lotetezedwa, mwininyumba n'kumagona tulo, chikhalirecho palibe chomuteteza.

Palinso zimene earth leakage singachite. Mukagwira waya wamoto ndi wa neutral nthawi imodzi, mphamvu imapita n'kubwerera yofanana, ndipo kachipangizoka kamakuonani ngati babu. Sikalowanso m'malo mwa waya wa earth. Nyale yachitsulo imafuna waya wakewo, wobiriwira kapena wobiriwira ndi chikasu, ndipo ngati mzere wakale ulibe, ikani nyale ndi swichi za pulasitiki. Onetsetsaninso kuti swichi ikudula waya wamoto, wofiira pa mawaya akale, wabulauni pa atsopano. Ikadula neutral babu limazima ndithu, koma moto umakhalabe m'chogwirira babu kudikirira chala.

Kwa inu amene muli ndi sola pamsasa, mababu oyendera batire ya mavoti 12 safuna earth leakage. Amafuna fyuzi pafupi ndi batire, chifukwa ngozi yake ndi moto. Mukangoikapo invata, nkhani yasintha, pakuti imatulutsa mavoti 230. Invata zing'onozing'ono zambiri sizilumikiza neutral ndi earth, ndipo popanda mlumikizo umenewo earth leakage ikhoza kulephera kuzima pamene ikufunika. Ntchito imeneyo isiyireni munthu amene ali ndi chipangizo choyezera.

Musakhulupirire mdima wa ZESA. Magetsi akazima amabwera nthawi iliyonse osagogoda, ndipo m'nyumba za invata mababu amakhala ndi moto ngakhale swichi yaikulu ili yozima. Zimitsani zonse ziwiri, yezani waya musanamugwire, ndipo uzani a m'nyumbamo kuti asakhudze bokosi. Pomaliza ntchito dinani batani la Test mwininyumba akuona, mababu azime, kenako muwauze kuti azilidina okha pakatha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.