Jenereta Yolankhula ndi Mwini Wake Ali Kutali

Ife amene tidakulira m'maesiteti a fodya kuno ku Kasungu tidziwa bwino ntchito ya munthu wosonkha moto pa balani. Iyeyu sagona, pakuti moto ukachepa kapena ukapitirira, fodya aonongeka usiku umodzi wokha. Kale jenereta nayo inkafuna mlonda wotere. Makono zinthu zidasintha, ndipo ndifuna kufotokozera anzanga m'mene zichitikira.

Magetsi athu ambiri achokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi atachepa, majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko adaikidwa pa Chinyama kwathu konkuno m'chaka cha 2018, nagwira ntchito mpaka 2022. M'Januwale wa 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130. Ife ogonera pa sukulu mdima utipweteka mayeso akayandikira, koma zipatala ndi nsanja za mafoni sizingadikire konse: zidalira majenereta.

Tsono taganizani za nsanja yomangidwa kuthengo kopanda munthu. Magetsi a ESCOM akazima, kachipangizo kena kazindikira msanga, kaliza injini ndi batire, ndipo pakapita masekondi owerengeka siwichi ichotsa nsanjayo pa mawaya a ESCOM niilumikiza ku jenereta. Kuchotsako nkofunika koposa, chifukwa mphamvu ya jenereta ikabwerera m'mawaya ikhoza kupha wantchito amene ali kukonza pa mtengo, iye poyesa kuti magetsi ngozima.

Chodabwitsa nchakuti m'bokosi la jeneretayo muli simu khadi yonga ya m'foni. Imeneyi ndiyo itumiza mau kwa injiniya amene ali kutali, monga ku Lilongwe: dizilo watsala wochuluka bwanji, injini yatentha motani, oyilo ali kuyenda bwino kapena iai, batire liri ndi mphamvu yanji. Dizilo akatsika mwadzidzidzi pakati pa usiku injini iri chete, iye adziwa kuti kwafika mbala kapena thanki yabooka. Akhozanso kuliza injiniyo pa kompyuta yake kuti aiyese, naizimitsanso, osanyamuka pa mpando.

Kwa ine uthenga wa batire uposa wonse. Jenereta ingakule chotani, thanki ingadzaze bwanji, batire likafa injini siilira, ndipo batire lifooka mwakachetechete.

Komatu simu khadi siithira dizilo. Pa dzinja, misewu ya kumidzi ikaterera, injiniya uja angopenya dizilo ali kutha pang'onopang'ono pamene galimoto ya migolo yatitimira m'matope. Ndiponso mauwo ayenda pa nsanja zomwezo za mafoni. Nsanja ikazima ndipo palibe ina pafupi, jeneretayo isowa pouzira mwini wake kuti yafa.