Makina Ofufuzira Miyala ya Pansi pa Nthaka

M'zaka za 2013 ndi 2014 ndege zinali kuuluka mmunsi kwambiri pamwamba pa midzi ya m'Malawi, ndi ya ku Chiradzulu yomwe. Ntchito imeneyi anthu anaitcha Kauniuni. Boma linalemba kampani ya ku Canada, Sander Geophysics, kuti iyese mphamvu ya maginito ya m'miyala ya pansi, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa m'chaka cha 2015.

Miyala siili yofanana. Ina, makamaka yokhala ndi chitsulo, imakoka pang'ono monga maginito. Makina akapita pamwamba pake amalemba kusiyanako, ndipo akatswiri amajambula mapu a zimene zili pansi.

Ndege za Kauniuni zinanyamula makina a masiku onse. Koma alipo makina ena akumva koposa, otchedwa SQUID, amene anapangidwa koyamba ku America m'chaka cha 1964. M'kati mwake muli kamphete kakang'ono. Kampheteko akakaziziritsa kwambiri, magetsi amayendamo popanda chowatchinga, kotero kamazindikira ngakhale mphamvu yochepetsetsa ya maginito. Ena amakaziziritsa ndi mpweya wa nitrogen wosanduka madzi, kufikira madigiri 196 pansi pa ziro; ena ndi helium, kufikira madigiri 269. Chisanu cha mu June pa phiri la Chiradzulu sichiyandikirako nkomwe.

Ku Australia bungwe la CSIRO linapanga makina otere onyamula pamanja. Anthu amayala waya pansi, natumizamo magetsi, nkuwazimitsa mwadzidzidzi. Ngati pansipo pali mtapo wa mkuwa, siliva kapena nickel, umabweza mphamvu yofooka imene SQUID imaimva, ngakhale mtapowo uli pakuya.

Tsono eni minda ayenera kudziwa ichi: makinawa satenga kanthu m'nthaka, ndiponso saononga mbewu. Amangoloza malo oyenera kuyang'anapo. Pofuna kutsimikiza, akatswiri ayenera kuboola pansi ndi kuyesa miyalayo, ndipo kawirikawiri amapeza kuti ndi yochepa, yosayenera kutsegulira mgodi. Munthu asagulitse munda wake msanga chifukwa cha mphekesera.

Mwa lamulo, miyala yonse ya pansi ili m'manja mwa Boma m'malo mwa anthu onse a dziko lino. Mlendo wofuna kufufuza ayenera kukhala ndi chilolezo cha Boma, ndipo akaononga mbewu kapena nyumba ayenera kulipira. Akafika m'mudzi, mfumu imufunse chilolezocho. Wokayika apite kwa Bwana DC ku boma la Chiradzulu, kapena alembe kalata ku Geological Survey Department ku Zomba.