Phwando la ziwiya pakhomo: alendo adye, koma oda ilembedwe

Mwabwereka ndalama kubanki mkhonde, mwaoda mapoto, mbale zovundikira, mafulasiki ndi makontena a pulasitiki. Katundu wadzaza kuchipinda mpaka bambo a kunyumba ayamba kufunsa kuti kodi nsapato zawo aziika pati. Tsopano mwaganiza zoitana amayi anzanu kuti adzaone katunduyo ndi kuoda. Maganizo abwino zedi. Koma musanayambe kukazinga mandasi, takhalani pansi kaye tikambirane.

Ndikutero chifukwa ambiri phwando loyamba limawathera m'misozi. Anthu amabwera, kudya, kuseka, kuyamikira kuti "koma ndiye n'zokongola", kenaka aliyense n'kunyamula poto wake amvekere "ndidzakuonani mwezi ukatha". Mwezi watha, foni sakuyankha, pomwe kubanki mkhonde chiwongoladzanja sichidikira munthu.

Malonda a mtunduwu sadayambe lero. Ku America, Earl Tupper adatulutsa makontena ake a Tupperware mu 1946, koma m'masitolo sankayenda malonda chifukwa anthu sankadziwa katsekedwe ka zivundikiro zake. Mayi wina, Brownie Wise, ndiye adaonetsa kuti katunduyo amagulidwa akamaonetsedwa m'nyumba, amayi atakhala pamodzi. Ankathira madzi m'mbale, kuitseka, n'kuiponyera mnzake, madzi osatayika. Pofika mu 1951 kampaniyo idachotsa katundu wake m'masitolo n'kumadalira maphwando a m'makomo. Mu 2024 idatitimira m'ngongole, ndipo nthambi yake ya ku South Africa idatseka kumapeto kwa chaka chomwecho. Koma phunziro la mayi uja lidatsala: munthu amatulutsa ndalama pa chinthu chomwe wachiona ndi maso ake chikugwira ntchito.

Yambani ndi tsiku. Lisankheni malipiro atangotuluka kumene, osati pakati pa mwezi pomwe aliyense akudyera bonya. Pewani January ndi September, nthawi yomwe makolo mitu ili pa fizi ndi mayunifolomu. Miyezi ya maukwati ndiyo yabwino, chifukwa anthu amakhala akufunafuna mphatso za ku bridal shower ndi kitchen top-up. Loweruka ambiri amakhala kuzinkhoswe, ena kutchalitchi, choncho Lamulungu cha m'ma 2 koloko masana mpomwe mungapeze anthu ambiri.

Oitanidwa asachuluke. Amayi 10 kapena 12 akukwana, ndipo kuti afike amenewo itanani 20, poti maliro ndi matenda sapangana ndi munthu. Musangoponya uthenga pagulu la WhatsApp ayi. Imbirani aliyense payekha, ndipo muwauze chilungamo kuti mukudzagulitsa ziwiya. Munthu amene mwamuitana ngati mukudzacheza chabe, n'kupeza mitengo ili patebulo, amaona ngati mwamutchera msampha. Musaitanenso achibale okhaokha. Achemwali anu ndi alamu anu adzabwera ndithu, koma ndi omwewo adzati "ife ndiye mpaka kulipira?" Sakanizani anzanu a kuntchito, a kumvano, oyandikana nawo nyumba, ndipo aliyense mumupemphe kuti abwere ndi mnzake mmodzi amene inu simumudziwa.

Pa zakudya musadzionetse. Tiyi, thobwa, mandasi kapena zitumbuwa basi. Mukapha nkhuku ziwiri n'kugula makireti a zakumwa, ndiye kuti phindu mwalidya katundu asanagulidwe.

Chachikulu n'chakuti chakudyacho chigwire ntchito yotsatsa. Alendo asanafike, phikani nsima, muiike m'mbale yosunga kutentha ija, muitseke iwo akuona. Thirani madzi owira m'fulasiki nthawi yomweyo. Pakatha maola awiri muuze mmodzi wa iwo atsekule yekha. Nthunzi ikangotuluka, simufunikanso kulankhula zambiri, makamaka kwa mayi amene magetsi akazima amadzuka usiku kukoleza mbaula kuti awotchere mwana phala. Kontena ya shuga ithireni madzi, itsekeni, muizondotse pamwamba pa nsalu yanu ya patebulo. Poto ayende m'manja mwa aliyense, amve kulemera kwake, agogode kunsi kwake.

Koma musaname. Ngati mbale siyenera kulowa mu microwave, nenani. Ngati poto ndi wa non-stick, auzeni kuti sakwechesa ndi sitiliwulu kapena mchenga, komanso kuti amafuna chipande cha mtengo. Bodza limagulitsa tsiku limodzi, mawa lake dera lonse lamva. Paja ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Tsopano tafika pomwe ambiri amagwera, nkhani ya ndalama. Tiyerekeze kuti poto mmodzi mwaoda pa K20 000, thiransipoti ndi zina zakudyerani K3 000, ndipo mukugulitsa K30 000. Mapoto 10 mwalowetsa K230 000. Onse akalipira mutolera K300 000. Koma atatu okha akakuzembani, mutolera K210 000, kutanthauza kuti mwagwira ntchito yaulere, mwadyanso mpamba. Kumbukiraninso zomwe zidachitika mu November 2023 pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti. Amene katundu wake adali m'manja mwa anthu pangongole ya mtengo wakale, ndalama zomwe adatolera sizidakwanenso kukaoda katundu wofanana ndi woyamba uja.

Ndiye lamulo likhale ili: katundu satuluka pakhomo asanalipiridwe yense. Wofuna kuoda apereke theka lero, kaya pamanja, kaya pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, theka linalo podzatenga. Lamuloli mulinene poyambirira penipeni, mukumwetulira, kwa onse pamodzi, kuti wina asaone ngati mukukayikira iyeyo. Khalani ndi kope lolemba dzina, katundu, ndalama zomwe wapereka, zotsala ndi tsiku lodzatenga, ndipo asayine. Polemba oda mutengereni munthuyo pambali. Ena amalakalaka kugula kapu imodzi koma amachita manyazi pamaso pa anzawo amene akuoda seti yonse.

Nanga oda ingachuluke bwanji? Choyamba, pakhale tinthu ta mtengo wotsika monga masipuni, tosefera tiyi ndi timabokosi ta chakudya cha ana a sukulu, kuti aliyense atuluke ndi kanthu. Amene wagula kakang'ono lero n'kukhutira, ndi amene adzaode poto mawa. Chachiwiri, mangani katundu m'maseti, monga fulasiki ndi makapu 6, pamtengo wotsikirako pang'ono. Chachitatu, pa seti yodula limbikitsani amayi 4 kapena 5 kuti apange chipereganyu, mwezi uliwonse mmodzi azitenga yake italipiridwa kale.

Chachinayi ndiye chinsinsi chenicheni. Anthu asanabalalike, funsani kuti ndani angalole kuti phwando lotsatira lidzachitikire kwawo. Mulonjezeni mphatso molingana ndi oda yomwe anzake adzalembetse. Anzanu inu adzatha, sangagule mapoto mwezi ndi mwezi, koma mnzanuyo ali ndi anzake a kutchalitchi kwawo ndi kuntchito kwawo omwe inu simukadawafikira. Tsiku mulipangane pomwepo, osati "tidzaimbirana".

Mawa lake tumizani uthenga wothokoza kwa onse, ndi omwe sadagule omwe. Amene adalephera kubwera atumizireni zithunzi ndi mitengo. Ndipo tsiku lomwe mudalonjeza kupereka katundu lisaphonyeke, ngakhale zitatanthauza kukwera kabaza mvula ili pamutu.

Mukapeza kuti oda yoyamba ndi ya anthu atatu okha, musataye mtima. Atatu olipira aposa 12 angongole. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Tionane Lamulungu likudzali.