Kuphiri chimene ndimaopa ndi kunyowa

Kuno ku Kabwe dziko ndi lathyathyathya, ndiye anthu akamva kuti ndimatsogolera alendo kumapiri amandifunsa za akambuku ndi mizimu. Za kuzizira safunsa, chonsecho mpamene pagona ntchito yanga.

Tawuni yathuyi ili pa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri oposa 6. Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje ku Malawi, ili pa mamita 3,002. Werengerani nokha: usiku wa mu Julayi umene kuno timafunda mabulangete awiri, kumeneko madzi amaundana m'mathanthwe.

Ayezi wokhalitsa, uja amapangika chipale chofewa chikaunjikana zaka zambirimbiri n'kumatsetsereka pang'onopang'ono, pa Mulanje palibe. Mu Africa watsala pa Kilimanjaro, Mount Kenya ndi Rwenzori basi, ndipo akunka nasungunuka. Koma Mulanje ali ndi chiperoni, mphepo yachinyezi yochokera ku Mozambique imene imabwera ndi nkhungu ndi mvula yamawawa, nthawi zina kwa masiku angapo. Njira imasowa, miyala imaterera, zovala zimanyowa. Thupi lonyowa likawombedwa ndi mphepo limataya kutentha mofulumira kwambiri. Munthu amayamba kunjenjemera, kenako amapunthwapunthwa ndi kuyankhula zosokonekera ngati woledzera. Akasiya kunjenjemera asanafundidwe, dziwani kuti zafika poipa. Ndi kuzizira kumene kunapha Gabriel Buchmann wa ku Brazil mu 2009, atapita ku Sapitwa yekha, atasiya womutsogolera m'munsi.

Nchifukwa chake ndisanayang'ane miyendo ya mlendo ndimayamba ndatsegula chikwama chake. Jinzi ndi malaya athonje ndimachotsa, chifukwa thonje likanyowa siliuma msanga ndipo silifunditsa. Juzi yaubweya, jekete yamvula ndi chipewa chofunda mungazipeze pa salaula, sizilira ndalama zambiri. Zovala zogonera ndimazimanga m'pulasitiki wochindikala, ndipo sizivalidwa masana ngakhale mwiniwake adandaule bwanji. Nsapato zatsopano ayi. Anthu amazikonda pojambulitsa, koma tsiku lachiwiri zimatulutsa matuza.

Pa Mulanje tenti si yofunika kwenikweni. Mukakwerera ku Likhubula, kumene mumalembetsa ndi kupeza onyamula katundu, pali tinyumba togona monga Chambe, Thuchila ndi Chisepo. Mumapezamo mlonda ndi nkhuni, koma chakudya mumanyamula nokha. Pakati pa tinyumbati pali mitsinje imene imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda. Madzi othamanga akapitirira m'mawondo sindiwolotsa munthu. Timakhala pansi kudikira kuti aphwe.

Tsiku lopita ku Sapitwa timanyamuka pa Chisepo m'mamawa, titagwirizana kale ola lobwerera. Olalo likakwana timatembenuka, kaya nsonga ikuoneka apo pomwepo. Ena amakwiya poti analipira ulendo wonse kuchokera ku Zambia. Ine ndimawerengera kuti kutsika m'miyala ija kumadya nthawi yofanana ndi kukwera, ndipo mu Julayi ikamakwana 6 koloko madzulo kumakhala kutada.