Kudzutsa Datsun 240Z pakhomo: ntchito imayambira kunsi

Mu Januwale 2020, pa malonda ena a pa intaneti ku America, munthu adalipira madola 310,000 pogula galimoto ya zaka pafupifupi 50. Inali Datsun 240Z yobiriwira ya mu 1971, yomwe inali isanakwanitse n'komwe mamailosi 22,000. Pamene magalimotowa ankafika kumene ku America mu 1970, imodzi inkagulidwa madola 3,526. Nkhani zotere n'zimene zimakumbutsa anthu za chigoba chomwe chakhala zaka chitafundikidwa lona kuseri kwa nyumba ya malume, n'kuyamba kuwerengera chuma m'mutu. Masamu amenewo kawirikawiri amakhala olakwika. Ambiri mwa magalimotowa sadagone m'nyumba ngati yobiriwirayo. Adavumbwa mvula, adayenda m'misewu yothiridwa mchere nyengo ya chipale chofewa, ndipo woitenga kuti aikonzere pakhomo amakhala wadzigulira ntchito ya zaka.

Kampani ya Nissan idaonetsa galimotoyi koyamba mu Okutobala 1969. Kwawo ku Japan inkatchedwa Fairlady Z ndipo inali ndi injini ya malita 2, chifukwa injini ikaposa pamenepo msonkho unkakwera kwambiri. Amene adalimbikira kuti ipangidwe ndi Yutaka Katayama, mkulu wa Nissan ku America, yemwe ankafuna galimoto yaliwiro yoti munthu wapantchito wamba akwanitse kugula. Yoshihiko Matsuo ndiye adatsogolera ojambula maonekedwe ake. Chomwe chidatuluka ndi galimoto ya mipando iwiri, ya boneti yaitali, yolemera kungopitirira pang'ono tani imodzi, yotha kufika pafupi ndi makilomita 200 pa ola. Pofika mu 1973, ku America kokha zinali zitagulidwa zoposa 140,000.

Mbiri yake ya kulimba idaipezera kuno ku Africa. Mu 1971 Edgar Herrmann ndi Hans Schuller adapambana nayo mpikisano wa East African Safari Rally, ndipo mu 1973 Shekhar Mehta ndi Lofty Drews adabwereza. Magalimoto opambanawo akusungidwa ku Zama, m'dziko la Japan.

Koma galimoto yomwe idapirira matope ndi mabampu a ku Kenya ili ndi mdani yemwe idalephera kumugonjetsa, ndiye dzimbiri. Pikiapu imakhala ndi chasisi chapachokha, bodi n'kumangidwa pamwamba ndi mabauti; bodi ikawola, chasisi chimagwirabe. 240Z idapangidwa mwina. Bodi yomweyo ndiyo mafupa a galimoto: pansi popondapo, mizati iwiri yodutsa kunsi ndi zitsulo za m'munsi mwa zitseko zidawotchereredwa pamodzi, ndipo ndizo zimasenza injini, mawilo ndi anthu. Chitsulocho n'chopyapyala, komanso m'masiku amenewo sichinkatetezedwa mokwanira. Dzimbiri limadya ngati chiswe m'phaso la nyumba, kuyambira mkati, kunja penti ikunyezimira.

Odziwa amayamba kuyang'ana pansi pa batire, pomwe asidi wodontha amaboola chitsulo n'kutsikira pa mzati wa kunsi. Kenako amatukula kapeti, amasuzumira m'dzenje la tayala lapadera, amapapasa m'mphepete mwa chitseko chakumbuyo ndi pakona ya m'munsi patsogolo pa mawilo akumbuyo. Zida zofufuzira n'zotchipa: tochi, sikuludiraiva ndi maginito. Maginito akakana kumata pa bodi, ndiye kuti pansi pa penti pali phala lomatira, lomwe amisiri amalitcha body filler, ndipo wina adabisa bowo kapena chibonthi. Sikuludiraiva ikalowa pobaya pang'ono, mtengo wa galimotoyo uyenera kutsika pomwepo. Injini yakufa siyenera kuopsa wogula. Bodi yowola ndiyo imaboola m'thumba.

Mankhwala a dzimbiri lozama ndi amodzi okha: kudula mpaka pofika chitsulo chabwino, n'kuwotcherera chatsopano. Apa ndi pomwe pamaonekera mmisiri. Chitsulo chopyapyala chikatenthedwa malo amodzi nthawi yaitali chimapindika, choncho wowotcherera amadontheza kadontho apa, kena uko, kudikira kuti pazizire, mpaka madontho onse atalumikizana kukhala msoko umodzi. Asanadule pansi popondapo amayamba wawotcherera zitsulo zopingasa pa makomo a galimoto, apo ayi bodi imakhota ndipo zitseko sizidzatsekekanso bwino. Thanki ya petulo imachotsedwa moto usanayatsidwe. Msoko ukatha amaupaka penti yoyamba ya epoxy, kumata m'ming'alu, kenako kupopera phula m'kati mwa mizati momwe burashi siingafike. Ambiri okonzera pakhomo amalakwitsa pothamangira kupopera penti yowala, chifukwa ndiyo anansi amaiona. Pakapita mvula ziwiri, matuza amayamba kutuluka m'munsi mwa zitseko.

Pali chinanso chimene chimapha ntchito zotere kuposa kusowa ndalama. Kumasula galimoto n'kokoma ndipo kumatha m'masabata ochepa; kuibwezeretsa kumadza patapita chaka kapena ziwiri, mutu utaiwala kalekale kuti bauti iyi inali ya pati. N'chifukwa chake magalimoto ambiri otere amagulitsidwa ali m'makatoni, mwini wake atagwa ulesi. Amene amamaliza ndi aja amajambula chithunzi pa foni asanamasule chilichonse, kuika mabauti m'timapepala tapulasitiki tolembedwa, ndi kusunga buku la fakitale lofotokoza kamangidwe ka galimotoyo pafupi ndi bokosi la masipanala. Ndipo munthu salowa kunsi kwa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha kapena pa njerwa. Pamafunika zoimikira zachitsulo, pa simenti yosalala.

Injini ndiyo imatonthoza mtima. Imatchedwa L24, ili ndi masilinda 6 ondandalikana mzere umodzi, kukula kwake malita 2.4. Makaniko amene adagwirapo Datsun 1600 kapena mapikiapu ena akale a Datsun angaizindikire msanga, pakuti ndi mbale wa injini ya L16: kukula kwa masilinda n'kofanana, angowonjezerapo awiri. Ngati yagona zaka zambiri, sailiza mwaphuma. Amachotsa mapulagi, kudonthezera oyilo m'masilinda, kusiya masiku angapo, kenako kuizungulitsa ndi sipanala pamanja. Ikatembenuka, amasintha oyilo ndi sefa, kukhuthula petulo wakale yemwe amakhala atasanduka utomoni wonunkha, ndiyeno n'kuyesa kiyi. Mawaya a mapulagi amatsata ndondomeko ya 1-5-3-6-2-4. Mpata wa mavalavu, injini ili yotentha, ndi mamilimita 0.25 kolowera mpweya ndi 0.30 kotulukira utsi.

Msampha wake wotchuka uli pa tcheni chomwe chimayendetsa mavalavu. Munthu akamachotsa mutu wa injini osayamba wakhomera kamtengo kosongoka pakati pa tchenicho, kachitsulo kokunga tcheni komwe kali m'munsi kamatumphuka m'malo mwake. Kuti kabwerere, ayenera kumasula kutsogolo konse kwa injini, ntchito ya tsiku lathunthu yomwe kathabwa kosema ndi mpeni kakadapewetsa.

Makabuleta ndi awiri, opangidwa ndi Hitachi motsanzira a SU a ku Britain, aliyense akudyetsa masilinda atatu. Pamwamba pa aliyense pali kachitsekerero kothirapo oyilo pang'ono. Oyiloyo akauma, galimoto imatsamwa poponda moto. Luso lili pa kuwagwirizanitsa kuti akoke mpweya mofanana. Pali kachipangizo koyezera, koma amakaniko akale ankangoika kapaipi kukhutu n'kumvetsera kulira kwa mpweya mbali zonse ziwiri.

Kwa woikonzera ku Malawi, petulo ndi nkhani payokha. Kuyambira mu 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa idayamba kugwira ntchito, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Magalimoto amakono adapangidwa moganizira zimenezi, koma labala wa mu 1971 ayi. Ethanol amafewetsa mapaipi akale a mafuta, ndipo amakoka chinyezi chomwe chimadyetsa thanki dzimbiri galimoto ikakhalitsa osayenda. Makabuleta a 240Z ali pamwamba penipeni pa mapaipi otentha a ekizozi, choncho paipi yodontha pamenepo ndi moto. Mapaipi onse a mafuta ayenera kusinthidwa ndi olimbana ndi ethanol, ngakhale akuoneka abwino.

Zotsalazo n'zosavuta koma sizilumphidwa. Mabuleki, omwe kutsogolo ndi a disiki ndipo kumbuyo ndi a dramu, amafuna mapaipi ndi malabala atsopano. Bokosi la mafyuzi limadziwika ndi kusungunuka chifukwa mphamvu yonse ya nyali zakutsogolo imadutsa momwemo. Ambiri amaikapo ma relay kuti alipeputse. Labala wa chitseko chakumbuyo akatha, utsi wa ekizozi umakokedwera m'kati, makamaka zenera likatsegulidwa, ndipo woyendetsa amayamba kumva mutu osadziwa chifukwa.

Masipeya a 240Z amapezeka, chifukwa makampani ang'onoang'ono ku America, Britain, Australia ndi Japan amapangabe zitsulo za bodi, malabala ndi magasiketi. Chowawa ndi mtengo wotumizira ndi msonkho. Opanga magalimoto eni ake adadzuka mochedwa. Mu 2017 Mazda idalengeza kuti iyamba kukonzanso ma Roadster oyambirira, omwe kunja amatchedwa MX-5, ndipo Nismo, nthambi ya Nissan, idayambanso kupanga masipeya a Skyline GT-R R32. Toyota idatsatira ndi a Supra, 2000GT ndi AE86. Komabe Nissan idayesapo kale kukonza ma 240Z: itasiya kugulitsa 300ZX ku America mu 1996, idagula akale, kuwapereka kwa amisiri kuti awamasule mpaka bauti yomaliza, n'kuwagulitsanso pa mtengo wa pafupifupi madola 27,500. Cholinga chinali magalimoto 200. Omwe adatha sadakwane 40. Ngati kampani yokhala ndi mapulani onse ndi nkhokwe za masipeya idatopa nayo ntchitoyi, munthu wa garaja ya pakhomo asadabwe bajeti yake ikapitirira.

Ikatha kukonzedwa, galimotoyi imafuna kuyenda. Yongoimikidwa imauma malabala, mabuleki amamatirira, petulo amaonongeka. Ulendo wa theka la ola pa masabata awiri alionse, mpaka injini itatentha bwinobwino, umathamangitsa chinyezi mu oyilo ndi mu ekizozi. Mafuta a mabuleki amamwa madzi a mumpweya, motero amasinthidwa pa zaka ziwiri zilizonse ngakhale galimoto isanayende mtunda. Nyengo ya dzinja ikatha, kunsi kumatsukidwa ndipo timabowo totulutsira madzi m'munsi mwa zitseko timatokosedwa ndi kawaya. Matayala nawo amakalamba ngakhale mano ake ali athunthu. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi: 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018, ndipo opanga matayala ambiri amati likafika zaka 10 lichotsedwe.