Kompyuta bokosi ya Sienta yanga, ndi ndalama zomwe zinawoloka nyanja

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ine ndinali m'gulu la anthu amwayi. Ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche anthu ankakumba matope kufunafuna abale awo, pomwe kwathu ku Bangwe changa chinali mpanda wogwa ndi galimoto yonyowa basi. Koma galimotoyo ndiyo imatidyetsa. Ndi Sienta yakale, yomwe mphwanga amayendetsa ngati takisi kuchokera ku Limbe kupita m'tauni kudzera mu Chipembere Highway. Inagona usiku wonse m'madzi ofika m'mipando. Tinaiyanika masiku anayi zitseko zili pululu, koma titaika kiyi sitata inkangozungulira, injini osalira.

Ndinaitana mmisiri wa zamagetsi a galimoto wa ku Ndirande amene ndakhala naye zaka zambiri. Anagwada pakhomo la dalaivala, n'kulumikiza kamakina kake pa kachibowo ka mano 16 kamene kali pansi pa chiwongolero. Kachibowoko dzina lake ndi OBD2, ndipo ku America kanakhala ka lamulo pa galimoto zonse zatsopano kuyambira 1996. Ndi pamene galimoto imanenera matenda ake. Ikadwala imatulutsa nambala: P0300 ndiye kuti injini ikudumphitsa moto, P0171 ndiye kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. Yanga sinatulutse nambala iliyonse.

"Achimwene, apa palibe chikuyankha," anatero akupukuta manja. "Kompyuta bokosi yapsa."

Kompyuta bokosi ndi kabokosi kachitsulo kosaposa buku la nyimbo kukula kwake, koma ndiko kamalamula kuti mafuta alowe ochuluka bwanji ndi kuti mapulagi athethetse moto nthawi yanji. Pamwamba pake pamakhala nambala. Za Toyota zambiri zimayamba ndi 89661, kenako manambala ena asanu. Asanu omalizawo ndiwo anandidyera pafupifupi chaka chathunthu.

Ndinazungulira mashopu a masipeya ku Limbe, ndinafika ku Ginnery Corner, ndinalowa mumsika wa Ndirande momwe amati sungasowe kanthu. Mabokosi analipo, koma a nambala zina. Apa m'pamene mnzanga wina anandiika m'gulu la pa WhatsApp la ogulitsa masipeya. Tsiku lomwelo munthu wina anandilembera. Anati ali ku Dubai, bokosi ali nalo, ndipo anatumiza chithunzi chooneka bwino nambala yake yeniyeniyo. Anati nditumize theka la ndalama, K95,000, pa nambala ya foni ya "mng'ono wake" wa ku Lilongwe, zotsalazo ndidzapereke katundu akafika pa Chileka. Ndinatumiza ndili chiimire pa ajenti wina pafupi ndi depoti ya Limbe. Sabata yoyamba ankayankha mwaulemu. Sabata yachiwiri anati katundu wagwidwa ndi akasitomu, ndiwonjezere. Nditakana, chithunzi chake chinazimiririka pa foni yanga. Ndinakadandaula kupolisi, ndinakafikanso ku kampani ya foni, koma ndalama zinali zitatapidwa kalekale, tsiku lomwe ndinatumizalo.

Zimandipwetekabe, makamaka chifukwa chithunzi chija ndinadzachipeza patapita miyezi pa tsamba lina la masipeya. Anangochikopera. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine sindinafunse ngakhale chinthu chophweka: kuti ajambule bokosilo lili pambali pa pepala lolembedwa dzina langa ndi tsiku.

Zinanditengera miyezi kuti ndisonkhanitsenso ndalama. Ulendo wachiwiri mwana wanga wamkazi, amene amaphunzira ku MUBAS, anakhala nane patebulo n'kunena kuti, "Adadi, ulendo uno tigula pa msika weniweni wa pa intaneti, ndipo tilipira ndi khadi ya ku banki. Ndalama ikayenda njira imeneyo imasiya mapazi." Mawu akuti mapaziwo ndinawamvetsa pambuyo pake.

Misika ikuluikulu ya pa intaneti, monga AliExpress, eBay ndi Amazon, nthawi zambiri si eni katundu. Ili ngati khonsolo ya msika: ogulitsa ndi anthu ena, ali ku Guangzhou, ku Sharjah, ku Osaka, ndipo msikawo umangowapatsa benchi ndi malamulo. Ubwino wake uli pa malamulowo. Pa AliExpress, mwachitsanzo, ndalama ya wogula imasungidwa kaye, ndipo wogulitsa amailandira wogula akatsimikiza kuti katundu wafika kapena nthawi yoikika ikatha. N'chifukwa chake ogulitsa ena amanyengerera kuti udine batani lovomera kuti walandira, katundu asanafike n'komwe. Ena amati mtengo autsitsa ukalipira kumbali, kunja kwa msikawo. Ukavomera zimenezo wabwerera komwe ndinali ine ndi munthu wa ku Dubai uja.

Kulipirako kunali nkhani payokha. Dziko linali pa chilala cha ndalama zakunja, ndipo mabanki anachepetsa madola amene khadi imodzi ingagwiritse ntchito kunja. Yanga inakana kawiri, kachitatu inadutsa: madola 120, omwe panthawiyo anali pafupifupi K140,000. Anzanga ambiri zikawavuta chonchi amapempha m'bale wa ku Johannesburg kuti awalipirire ndi khadi yake, katundu n'kubwera pa basi kudzera pa Mwanza mpaka ku Wenela. Njirayi imayenda, koma tiziidziwa bwino. Pakabuka vuto, mwini dandaulo ndi mwini khadi ndi mwini akaunti. Ngati m'bale wanuyo ali pa shifiti ya usiku ndipo alibe nthawi yolemba makalata, mlandu wanu wafera pomwepo.

Patatha masabata asanu ndinalandira uthenga woti phukusi lafika ku positi ofesi. Ndinalipira msonkho wa MRA, umene amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza ndalama yonyamulira, ndi VAT pamwamba pake. Wogulitsa anali atandifunsa ngati ndikufuna alembe mtengo wochepa pa phukusi kuti msonkho utsike. Mwana wanga anakana, ndipo anachita bwino. Kunamiza akasitomu ndi mlandu, iwo ali ndi mphamvu yoika okha mtengo akakayikira, komanso pepala lonena madola 10 silingakuthandize tsiku lomwe ukufuna kubwezeredwa madola 120.

Phukusilo sitinalitsegulire pa positi. Tinapita nalo ku Ndirande, mwana wanga n'kuyatsa kamera ya foni. Anajambula chizindikiro cha phukusi, dzina langa, nambala yotsatira katundu, mpeni ukudula tepi, mpaka bokosi kutuluka, osaimitsa vidiyo ngakhale kamodzi. Mmisiri anaika bokosi lakufa pambali pa latsopanolo. Manambala asanu oyamba anali ofanana. Asanu omaliza ayi.

"Ili ndi la galimoto ina, achimwene. Mano a soketi angalowe, koma musayese. Tiotcha zina."

Apa pali msampha umene umagwira ambiri mwa ife oyendetsa galimoto za ku Japan. Ogulitsa akunja amafunsa VIN, nambala ya zilembo 17 imene galimoto za ku Ulaya ndi America zimakhala nayo. Galimoto zopangidwira msika wa m'Japan momwemo, zomwe zimatipeza kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa Songwe, zilibe VIN yotero. Zili ndi nambala ya chasisi yaifupi. Yanga imayamba ndi NCP81, injini yake 1NZ-FE. Injini imeneyi ili m'galimoto zambiri, Probox, Corolla, Ractis, ndipo wogulitsa waulesi akangoona 1NZ amatola bokosi lililonse. Mwayi wanga unali woti pa tsamba la malonda panalembedwa nambala yonse yolondola, ndipo tinajambula tsambalo tisanalipire. Mu mauthenga a mkati mwa msikawo ndinalinso nditamufunsa kuti, kodi nambala yake ndi imeneyi ndendende? Anayankha kuti inde.

Usiku womwewo tinatsegula dandaulo, lomwe iwo amati dispute. Tinalemba mizere itatu yokha: tinaitanitsa nambala iyi, tinalandira nambala iyi, tikufuna ndalama yonse. Tinaikapo zithunzi ndi vidiyo. M'mawa wogulitsa analemba mawu okoma ngati uchi. Anati pepani mnzanga, tsekani dandaulo, nditumiza bokosi lina ulere. Ndinatsala pang'ono kuvomera, chifukwa ife Amalawi munthu akapepesa timamva chisoni. Mwana wanga anagwira foni. Dandaulo ukalitseka wekha, nthawi zambiri silitsegukanso, ndipo masiku ololedwa amakhala akutha.

Masikuwo ndiwo mtima wa nkhani yonseyi. Panthawiyo pa AliExpress wogula ankakhala ndi masiku 15 atavomera kuti walandira katundu. Pa eBay ndi masiku 30 kuchokera tsiku lomwe katundu wafika kapena amayenera kufika. PayPal, njira ina yolipirira pa intaneti, inkapereka masiku 180 kuchokera tsiku lolipira, koma ukatsegula dandaulo uyenera kulikweza kuti iwo aweruze pasanathe masiku 20, apo ayi limatsekeka lokha. Ndipo ndalama yotumizidwa ngati mphatso, njira yomwe amati Friends and Family, ilibe chitetezo cha wogula. Malamulowa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho ndimawawerenganso ndisanalipire chilichonse. Ku Blantyre kuno phukusi limatha kutenga mwezi ndi theka, ndiye wogulitsa wochenjera amadziwa kuti akakuchedwetsa ndi malonjezo masabata awiri okha, chitseko chatsekeka.

Titakana, anasintha nyimbo. Anati adzabweza ndalama bokosi likabwerera kwa iye, ndipo ndalama yonyamulira ndilipire ndine. Ndinafunsa mtengo kwa akampani yonyamula maphukusi m'tauni: kutumiza kunali kodula pafupifupi ngati bokosi lenilenilo. Tinajambula mtengowo n'kuuika pa dandaulo, n'kulemba kuti wolakwitsa ndi iye, atumize ndalama yonyamulira. Sanayankhe. Patadutsa masiku, a msikawo anaweruza okha kuti ndibwezeredwe yonse.

Akanandikanira, panali khomo lina: ku banki yomwe inandipatsa khadi. Makhadi a Visa ndi Mastercard ali ndi njira yotchedwa chargeback, pomwe banki yako imaitanitsa ndalama kuchokera ku banki ya wogulitsa ngati katundu sanafike kapena wafika wosiyana ndi amene analonjezedwa. Nthawi zambiri malire ake ndi masiku 120. Umadzaza fomu, umapereka umboni, ndipo amafuna kuona kuti unayesa kaye kukambirana ndi wogulitsa. Chimene sindingalangize munthu n'kunama kuti khadi inabedwa pomwe unalemba wekha nambala yachinsinsi yomwe banki inakutumizira pa foni, chifukwa zimenezo zimaoneka. Banki ikakunyalanyaza, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Koma wogulitsa wa ku Guangzhou, bungwe la Competition and Fair Trading Commission kapena lamulo lathu loteteza ogula la 2003 sizingamufikire. Zimenezo zimaluma wamalonda amene ali ndi shopu m'dziko muno.

Ndalama yanga inalowa mu akaunti chakumapeto kwa Novembala 2023. Pa 9 mwezi womwewo Reserve Bank inali itagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Motero madola 120 aja anabwera ngati ndalama yoposa K190,000. Mphwanga anasangalala, amvekere achimwene mwapindula. Sindinapindule kanthu. Masipeya onse anali atakwera kale ku Limbe, msonkho ndinalipira uja sunabwerere, ndipo galimoto inali itakhala pa miyala miyezi isanu ndi itatu osalowetsa ngakhale tambala.

Sindikunena kuti kugula kunja n'koipa. Wailesi yomwe ili mu Sienta panopa ndinagula chomwecho, ndipo ikugwira bwino. Yomwe inabwera ndi galimoto inkalankhula Chijapani chokhachokha, ndipo inkagwira pakati pa 76 ndi 90 MHz monga wailesi zakale za ku Japan zimachitira, pomwe nyumba zoulutsa mawu zathu zambiri zili pamwamba pa 90. Capital FM pa 102.5 sinkamveka n'komwe. Masensa ang'onoang'ono, makamera oonera kumbuyo, timakina ta OBD2 ta ELM327, zonsezi zimatchipa kunja, ngakhale tina mwa timakinato timakana kulankhula ndi galimoto za ku Japan. Rimoti ya kiyi ndiyo imafuna maso: za ku Japan zimayenda cha pa 315 MHz, za ku Ulaya ndi South Africa pa 433 MHz, ndipo kunja kwake zimafanana ngati mapasa. Kwa amene galimoto zawo zili ndi imobilaiza, kompyuta bokosi yokha siikwana, chifukwa iyenera kudziwana ndi kiyi. Amisiri amakonda kugula zonse pamodzi kuchokera m'galimoto imodzi.

Bokosi loyenera linapezeka mu Disembala. Mmisiri uja anandiimbira m'mamawa kuti ku Chirimba kwafika Sienta yogundidwa kumbuyo, akuiphwasula. Tinapita ndi bokosi lakufa lija m'jumbo. Tinaika awiriwo pa boneti n'kuwerenga manambala mokweza, mmodzimmodzi, onse khumi. Mwini wake analola kuti tikaliyese kaye, bola mnyamata wake akwere nafe minibasi mpaka ku Bangwe. Mmisiri analumikiza masoketi, mphwanga anapotokola kiyi, injini inatsokomola kawiri n'kulira. Ndinawerengera mnyamatayo ndalama pomwepo, utsi ukutuluka kumbuyo. Bokosi lolakwika lija likadali pa shelefu ku Ndirande, ndipo mmisiri akuti tsiku lina mwini Probox adzalifuna.